Dzina Lolozera ku Bwinja

Magetsi apita, ndipo mmene apitiramu sabwera msanga. Foni zanuzo sindingazigwire mumdima uno, ndiye sendezani mabenchi kuno ku mbaula, mphepo ya ku Limbe siseka ndi munthu. Inu achimwene amene mwakhala mukung'ung'udza kuti tsamba la kuntchito kwanu likukana kutseguka, khalani pafupi. Ndikuuzani za tsamba lina limene linkatseguka pamene silinayenera kutseguka.

Ine Lameki ndakalambira pa ntchito imeneyi, ndipo za mizimu ndinkaziseka. Munthu akabwera n'kumati kompyuta yake yalodzedwa, ndinkaitsegula n'kumusonyeza mphemvu zili balala m'katimo. Koma zimene ndinaona kwa mayi Nampinga, mpaka lero mphemvu yake sindinaipeze.

Mayi Nampinga anali ndi nyumba yogona alendo m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Nanthupi. Zipinda zinali zochepa koma zosamalika. Mwana wawo anali mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Sigele, ndipo ndi iyeyo amene anatulukira pa shopu ino tsiku lina atabereka kompyuta yakale kumbuyo ndi chitenje. Ankafuna kuti nyumba ya mayi ake ikhale ndi dzina pa intaneti, alendo azilemba maimelo n'kumasungitsa malo. Ndinamuuza kuti anthu anzeru amabwereka malo pa makina a makampani akuluakulu, koma iye anapukusa mutu.

"Ankolo, alendo athu timawalandirira pakhomo pathu. Makalata awonso azifikira pakhomo pathu."

Makani anali atatengera kuchikazi. Ndiye tinaikonza kompyuta ija, anakaiika m'kachipinda ka kuseri, a kampani ya intaneti anaipatsa nambala yakeyake, ndipo ine ndinalozetsa dzina la nyumbayo ku nambala imeneyo.

Apa mundimvetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Makinawa sadziwa mayina, amadziwa manambala. Ukalemba dzina la tsamba, kapena ukatumiza imelo, foni yako imayamba yafunsa kaye kuti kodi dzina ili limakhala pa nambala iti. Pali makina ena amene ntchito yawo ndi kuyankha funso lokhalo basi, ife a ntchitoyi timawatcha DNS. Ali ngati mayi wogulitsa mandasi pamphambano, amene aliyense wodutsa amamufunsa njira. Akakulozera kolondola, wafika. Akakulozera kumene anthu anasamukako, iwe upita ndithu, ukaodira pa bwinja. Iyeyo sikuti wanama, wangonena zimene anauzidwa kale.

Zinthu zinayenda bwino. Ankabwera okwera phiri, ogula tiyi, anthu a ku maukwati ndi a kumaliro. Sigele ankayankha yekha imelo iliyonse, ndipo kumapeto kwake ankalemba mawu amodzimodzi: "Madzi osamba mudzawapeza otentha." Sanali mawu okometsera malonda. Mlendo afike nthawi iliyonse, ankapeza beseni pakhomo pa chipinda chake, nthunzi ili tolotolo.

Kenako chinafika chaka cha mvula yoopsa ija. Phiri linang'ambika, Napolo anatsika masanasana ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Onse anathawira kumtunda, koma ali m'njira Sigele anakumbukira kuti m'chipinda cha kumapeto munali mlendo wina amene anali atagona. Anabwerera akuthamanga, makiyi ali m'manja. Chomvetsa chisoni n'chakuti mlendoyo anali atatulukira kale pazenera. Anthu anafukula matope kwa nthawi yaitali, ena anapezeka, koma Sigele sanapezeke.

Atsibweni ake a mtsikanayo, a Muhiwa, amene ndi mlongo wawo wa mayi Nampinga, anadikira mpaka ofufuza atatopa, kenako anakakhala pansi ndi mayiwo. Mwambo wake mukuudziwa ena a inu. Munthu akapita ndi madzi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda ngati munthu, kuti dzina lake likhale ndi pogona, olira alire n'kumaliza.

"Achemwali, madzi akatayika saoleka," anatero a Muhiwa. "Tiyeni timugoneke mwanayu."

"Achimwene, ine ndinabereka munthu, sindinabereke nthochi. Mukamupeza mwana wanga mudzandiuze."

Nkhani inathera pomwepo. Mayiwo sanagwetse msozi ngakhale umodzi, moti ena ankawanena kuti ndi ouma mtima. Anachita lendi nyumba ina pa Chitakale, m'mbali mwa msewu, anagula maloko atsopano, anakhoma thabwa lamisomali pakhoma n'kupachikapo makiyi, ndipo anayambiranso kulandira alendo. Za intaneti palibe amene anaziganizira. Kompyuta ija inali pansi pa miyala pamodzi ndi nyumba yonse.

Choyamba kusowa chinali kiyi. Mayi anadzuka m'mawa n'kupeza msomali umodzi uli wokhawokha. Anaganizira ana a oyandikana nawo, anathyola loko n'kugula lina. Patapita masiku kiyi wina anasowanso, kenako wina. Nkhuni nazo zinayamba kuchepa pa mulu popanda wosonkha moto, ndipo ndowa zimene ankazivundikira zouma madzulo ankazipeza zonyowa. Masana ena, nyumba ili zii, pakhonde pankamveka kuti ngwerengwere, ngati munthu akuyenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno.

Ndiye kunabwera alendo a pamsewu. Ankatsika minibasi ndi zikwama zawo, n'kudutsa pa nyumba yatsopanoyo osacheuka n'komwe, n'kumauza akabaza kuti awaperekeze ku Nanthupi. Akabaza ankawauza kuti kumeneko kulibe chilichonse koma miyala. Alendowo ankatulutsa foni. "Mukunena chiyani inu? Atiyankha dzulo lomweli, malo atisungira." Ambiri ankapita, n'kuona miyala, n'kubwerera akutukwana. Koma analipo ena amene ankabwerako m'mawa mwake, ali phee, n'kukwera minibasi yoyamba osafuna kuyankhula ndi munthu.

A Muhiwa ndi amene anandiimbira. Ine ndinangoti ndi akuba, chifukwa zimachitika kuti atsizinamtole alanda dzina la mwini n'kulilozetsa kwawo. Ndinakhala pampando uwo mwakhalapowo n'kufunsa makina olozera aja. Dzina linali lisanasunthe, linkalozabe ku nambala yakale ija. Ndinafunsa mnzanga wa ku kampani, iye anati nambala imeneyo sinaperekedwe kwa wina aliyense, ndipo chingwe chake chinaduka tsiku la madzi lomwelo. Ndinayesa kutsegula tsambalo, linakana. Ndinatumiza imelo, inabwerera. Ndinaseka, n'kunena kuti anthu a ku Mulanje nkhungu yawalowa m'mutu. Komabe ndinakwera basi, poganiza kuti ndikangolozetsa dzinalo ku malo atsopano n'kubwerako tsiku lomwelo.

Mayi Nampinga ndinawapeza atatha, chitenje chikuzungulira kawiri. Pa thabwa lija panali patatsala makiyi owerengeka. Titapatsana moni ndinatulutsa foni yanga kuti ndiwasonyeze kuti tsamba lawo linafa kalekale. Ndinalemba dzina lija, ndipo tsambalo linatseguka.

Chithunzi cha patsogolo ndinkachidziwa, chifukwa ndinajambula ndine m'chilimwe, Sigele akundiuza poima. Linali khonde lomwelo la nyumba yakale. Koma tsopano pansi panali ponyowa, kumwamba kuli bii, ndipo pa sitepe panali beseni limene ine sindikulikumbuka. Chitseko cha kumapeto chinali chotsekuka pang'ono. Sindinafune kuyang'anitsitsa m'katimo. Ndinatenga laputopu n'kugogoda pa nambala ija mwa njira yathu, monga timachitira pofuna kudziwa ngati makina ali moyo. Kunayankhidwa. Ndinatembenukira kwa mayi Nampinga.

"Mayi, akuyankha kumeneku ndani?"

Anadikira mpaka a Muhiwa atatuluka kukalankhula ndi wakabaza, ndipo anasolola foni yawo m'chitenje, imene Sigele anawakonzera.

"Bambo Lameki, ndikalemba kuti Sigele mwanangu, ndine mayi ako, sayankha. Ndayesa kambirimbiri. Amayankha alendo okha." Anatsitsa mawu. "Ndiye ine ndimalemba ngati mlendo."

Anandisonyeza. Tsiku lina anali mayi Jere a ku Mzimba, tsiku lina bambo Kalonga a ku Salima, tsiku lina sisitere wochokera ku Zomba, mayina ongopeka okhaokha, aliyense akupempha chipinda cha usiku umodzi. Ndipo pansi pa imelo iliyonse panali yankho lake lalifupi. "Malo alipo, takulandirani. Madzi osamba mudzawapeza otentha." Yankho likafika, m'mawa mwake msomali wina unkapezeka wopanda kiyi.

"Ndikudziwa chimene achimwene akuitanirani," anatero. "Musatseke, bambo, ndagwira mwendo wanu. Ndi pokhapa pamene ndimamvera mawu ake."

Ndinagwira njakata. Dzina linali lawo, ndipo pa ntchito yathu sulozetsa dzina la munthu kwina mwini wake akukana. Komanso kunena zoona anandimvetsa chisoni kwambiri. Ndinawauza a Muhiwa kuti achenjeze akabaza, ine n'kukwera basi yobwerera. Titangodutsa Thyolo ndinayesanso tsamba lija, linakana ngati kale.

Mvula yoyamba itayandikira, kunabwera mkulu wina wochokera ku Kasungu, a Chimphonda, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankabwera ku ukwati wa mdzukulu wawo. Wakabaza anawachenjeza, koma aphunzitsi mukuwadziwa, sauzidwa ndi mwana wa sukulu. Atafika pamene msewu unathera, dzuwa likulowa, anatsika n'kunena kuti, "Nanga si iyo nyali ikuyakayo?" Wakabaza sanaone nyali iliyonse, ndipo anapalasa osacheuka.

M'mawa amayi otola nkhuni anawapeza atakhala pa mwala pakati pa khwawa, zovala zili zonyowa, mano akuombana. M'dzanja anali atafumbata kiyi, ndipo kathabwa komangirira ku kiyiyo kanali ka nyumba ya pa Chitakale. N'chifukwa chake anawanyamulira kwa mayi Nampinga. Zimene ndikunenazi anandiuza a Muhiwa, amene analipo. Atawafunditsa mabulangete n'kuwamwetsa tiyi, mkuluyo anayang'ana mayiwo nthawi yaitali.

"Inu ndinu mayi ake, mukufanana pachipumi. Muli ndi mwana waulemu, mayi. Anandilandira chikwama, madzi anali otentha ndithu." Anakhosomola. "Koma mwanayo watopa. Sanakhale pansi ngakhale pang'ono. Amangoyendayenda pakhonde, kugogoda chitseko chilichonse, kufunsa ngati onse atuluka."

Mayi Nampinga anagwira mphuthu ya chitseko. Mkuluyo anapitiriza.

"Ndinamufunsa kuti mwanawe bwanji osakagona. Anati sangagone, alendo achuluka. Akuti alipo ambiri amene amasungitsa malo koma safika, ndiye iye amangosonkhezera moto n'kumadikira, madzi akazizira n'kutenthetsanso. Anatchula mayi Jere a ku Mzimba, akuti akuda nawo nkhawa kuti mwina anasochera m'mvula."

Mayi Nampinga anatuluka, anakakhala kuseri pa mulu wa nkhuni, ndipo anakhala kumeneko mpaka dzuwa linapendeka. Atabwerako anaima pamaso pa mlongo wawo.

"Achimwene, kaduleni nthochi ija. Ndipo muwaitane a Lameki."

Ndinafika m'mawa wa tsiku la maliro. Ndinali nditakonzeratu tsamba latsopano pa makina a kampani, ndi chithunzi cha nyumba ya pa Chitakale, kungotsala kulozetsa dzina. Mayi anandikokera pambali anthu asananyamuke.

"Mukasintha, zithera pomwepo?"

Ndinawafotokozera kuti kusinthako n'kwa kamphindi, koma dziko siliiwala nthawi imodzi. Foni iliyonse ikafunsa njira imasunga yankho kwa kanthawi, kuti isamafunse pafupipafupi. Ndiye ena amayamba kuona malo atsopano msanga, ena amapitabe kwakale mpaka yankho lakalelo litatha mphamvu. Zimatha kutenga tsiku, nthawi zina kupitirira.

"Ndiye kuti ndili ndi kanthawi," anatero.

Anthu anabwera ambiri, chifukwa Sigele ankadziwika. Thunthu lija analikulunga m'chitenje chimene iye ankachikonda, n'kuliika m'bokosi. Amene analinyamula akuti linkalemera kuposa nthochi, koma zimenezo ine sindinganenepo, sindinagwire nawo. Ndinaima pansi pa mtengo kumapeto kwa manda, ndipo pamene adzukulu ankatsitsa bokosi, ndinafufuta nambala yakale n'kulemba yatsopano. Amayi ena analira, koma mayi Nampinga anangoima, maso ali gwa, foni ataifumbata pachifuwa.

Titabwerera ku Chitakale, foni yanga inali itayamba kale kuonetsa nyumba yatsopano. Ya a Muhiwa chimodzimodzi. Ya mayi yokha ndi imene inkatsegulabe khonde lonyowa lija. Anakhala pakhonde n'kundipempha kuti ndikhale nawo pafupi, chifukwa maso ankawavuta. Anayamba kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Analemba ngati mayi Jere, kuti ulendo walephereka, sabweranso, ali bwino kwawo, madzi asatenthetsedwe. Analemba ngati bambo Kalonga, mawu omwewo. Analemba ngati sisitere uja. Anadutsa mayina onse amene anapeka, osadumpha ngakhale limodzi, ndipo aliyense ankapepesa. Mayankho ankabwera amodzimodzi: "Zikomo potidziwitsa. Muyende bwino."

Atamaliza onse analemba imelo ina, yomaliza, m'dzina lawo lenileni. Ndinaiwerenga chifukwa anandipempha kuti ndione ngati alemba bwino.

"Sigele, onse anatuluka. Mlendo wa chipinda cha kumapeto ali moyo, anatulukira pazenera. Zimitsa moto, weruka. Takuyalira kumudzi pafupi ndi agogo ako. Ndine mayi ako."

Inapita, sinabwerere. Tinadikira. Yankho silinabwere. Mayi ankatseka tsamba n'kutsegulanso, kutseka n'kutsegulanso. Nkhuku zitayamba kulowa anatsegula kachikena, foni inazengereza pang'ono, kenako panatuluka chithunzi cha nyumba imene tinakhalamoyo. Anachiyang'ana, n'kuika foniyo chafufumimba pa mkeka.

"Basi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Basi ya ku Limbe inali itandisiya, ndiye ndinagona komweko, m'chipinda chopanda kiyi. Musandifunse ngati ndinamva kanthu, ndinafunda bulangete mpaka kumutu ngati mwana. Ndinadzuka kukuyera, ndipo potuluka ndinaima pa thabwa lija. Misomali yonse inali ndi makiyi. Aliyense anali pamalo pake, mwa dongosolo, ndipo ena anali ndi matope ofiira amene anali asanaume. Ndinathamangira kukhitchini. Phulusa linali lozizira, nkhuni zili mmene tinazisiyira.

Pobwerera ndi pamene ndinaona pakhomo pa chipinda cha mayi. Panali beseni, thaulo lopindidwa bwino pambali pake, nthunzi ili tolotolo.

Achimwene, tsamba lanulo tiliona magetsi akabwera, mwina dzina langosochera, zimenezo n'zazing'ono. Koma ine chiyambire tsiku limenelo, ndisanasinthe nambala ya munthu ndimayamba ndafunsa kuti kwakaleko kwatsala ndani.

Mayi Nampinga anatsegula chitseko n'kuliona beseni lija. Anagwada, anapisamo dzanja limodzi, kenako linalo. Ndiye kunatuluka mfuu imene inakanika kumanda, imene inakanika chaka chonse chija, moti oyandikana nawo anathamangira komweko akufunsa kuti wamwaliranso ndani. A Muhiwa anafuna kuwadzutsa, koma ine ndinawagwira mkono. Mayiwo analira akutchula dzina la mwana wawo, manja ali m'beseni, ndipo sanawachotse mpaka madziwo atazizira.